Chithunzi cha a Douglas

Pa Chipyela aliyense amadziwa kuti soketi ya m'shopu ya Lumbani ndi ya tonse. Ochokera ku Yofu ndi ku Mbungo amalowa, nkupereka moni, nkuzula chilichonse chimene apeza, nkulumikiza foni yawo. Lumbani, wosindikiza zithunzi, anatopa nako kudandaula.

Tsiku limeneli anali atatopa ndi zina. Chikhalireni m'mawa maso anali pa kapulogalamu kamene analemba yekha, kokopera zithunzi ku disiki yosungira kenako nkuzifufuta m'kompyuta. Dzulo kanagwira theka la ntchito: kufufuta kanafufuta bwinobwino, koma ku disiki kunalibe kanthu.

Zithunzi za ukwati sizinamudetse nkhawa, eni ake ali nazo m'mafoni. Chomwe chinkamuwawa ndi cha malemu a Douglas, chojambulidwa ku Joni, choti chiikidwe pachiliza chawo. Akazi awo, mayi Cecilia a ku Mbungo, anabwera nacho chitadyedwa ndi chinyontho, ndipo iye anachilowetsa m'kompyuta, nachikonza mpaka chipewa chinaoneka.

Anawerenga mzere ndi mzere, khosi likuwawa, mpaka anachipeza cholakwikacho. Dzina la disiki sanalitsekere m'tizizindikiro tiwiri tofunika kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Disiki itazulidwa pa soketi, dzinalo linangosowa mumzere, kukopera kunalephera, koma kapulogalamu kopusako sikanaime. Kanapitirira kukafufuta ngati mwana wotumidwa.

Nanga anazula disiki ndani? Anakumbukira foni yakuda yomangidwa ndi mphira, imene inagona pa soketi dzulo lonse. Inali ya mayi Cecilia.

Kukonza sikunatenge nthawi. Anaika tizizindikiroto, nawonjezera mzere woti kukopera kukalephera pasafufutidwe kanthu. Anayesa kubweza zofufutidwa, koma kunangotuluka za ukwati zokhazokha.

Masana mayi aja anafika, thukuta lili kamukamu.

"Mwanangu, abambo aja atuluka m'makinamo?"

"Pang'ono, amayi. Kodi chapepala chija muli nacho? Ndikufuna ndichionenso."

"Chonyenyeka chija? Ndinataya. Si unati tsopano ali m'makina, sangaolenso?"

Lumbani anayang'ana soketi. Kenako anabweza maso kwa mayiwo.

"Pepani amayi, makina anga achifufuta. Ndalakwa ndine."

Mayi Cecilia anakhala pabenchi. Kenako analoza kompyuta.

"Iwe unawaona dzulo. Tandiuza, chipewa chija chinapendekera mbali iti? Ine ndayamba kuiwala."