Mpweya wa Munthu Mmodzi

Kachipangizoko kanali kochepa ngati bokosi la machesi. Mayi Lefina anachita kukabwereka kusukulu ina ya ku Mtunthama, pamodzi ndi laputopu yake, ndipo eni ake anati galimoto idzazitenga Lachisanu masana. Ntchito yake inali kuyeza mpweya umene anthu amatulutsa popuma, laputopu n'kumajambula mzere. Anthu akachuluka m'chipinda, mzerewo umakwera.

Chibwerereni ku Wimbe, mayiwa ankaphunzitsa sayansi ya choko chokhachokha, mpaka ana a Fomu 2 anawapatsa dzina loti Tangoganizirani. Dzinalo linkawapweteka. Ankafuna kuti anawo aone ndi maso awo, ngakhale kamodzi kokha.

Lachisanu analawirira. Anatseka mawindo osweka ndi makatoni, n'kuika kachipangizoko pakati pa kalasi. Dzuwa linakwera, koma pakhomo sipanalowe munthu. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, komatu nkhono zake tsiku limenelo zinali kudepoti.

Feteleza wa makuponi anali atafika. Wa ku Wimbe aliyense amadziwa kuti tsiku lotere mwana sapita kusukulu, amakagwirira makolo malo pamzere iwo akuwokera fodya. Aphunzitsi anzawo anali komweko. Palibe anakumbuka kuwauza Mayi Lefina. Mlendo wopanda munda, za feteleza ungamuuzirenji?

Anayatsabe laputopu. Mzere unayamba kuyenda chogona, osakwera. Anakhala pabenchi lakutsogolo n'kumauyang'ana. Kenaka anawerama n'kupumira pakachipangizoko. Mzere unadumpha.

"Mwaona? Mwaonatu!" anafuula, akutembenuka ndi chimwemwe.

Kumbuyo kunali mabenchi okhaokha. Anachita manyazi, ngakhale panalibe wowaseka. Mzere unatsika pang'onopang'ono n'kugonanso.

Masana galimoto inafika. Dalaivala wake, a Khamisi, anasuzumira palaputopu asanainyamule.

"Kwathu kuja ana akalowa m'kalasi, chimenechi chimakwera ngati phiri," anatero. "Nanga apa kachulu kamodzi basi? Chafa kapena? Mundiuze, aphunzitsi, angakandinene ine."

Mayi Lefina anazula chingwe n'kuyamba kuchikulunga.

"Ayi, bambo, sichinafe. Mukawauze kuti chikugwira bwino ntchito. Tonse amene tinalimo chatiwerenga."