Kufera pa Ndowe

Lamulungu lililonse Bohumil Vrana ankaimba m'kwaya ya kutchalitchi, koma pa tsiku la nkhondo yachionetsero ankavala chisoti chachitsulo n'kutsogolera amuna asanu ndi awiri onyamula malupanga obuntha. Chaka ndi chaka magulu ngati lawo ankakumana padambo kuti asewerenso nkhondo ya makolo awo, ndipo zonse ankapangana kale: awa alowera uku, awa afera apa.

Gulu la Bohumil linali ndi mbiri yoipa. Chaka chapitacho mlamu wake Radim anamenyedwa kanayi pachisoti koma osagwa, mpaka oonerera anayamba kuseka. M'mawa wa tsikuli mayi Zdenka, amene ankayendetsa mwambo wonse, sanabise mawu.

"Wina mwa anthu anu akakananso kufa, chaka chamawa mudzaonerera kunja kwa chingwe pamodzi ndi ogulitsa soseji."

Bohumil anali atakhala akubwera kudamboko kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osajomba.

Ntchito yawo inali yosavuta: kuteteza ngolo yakumanzere, ndipo lipenga likalira kachiwiri, kubwerera chafutambuyo mpaka pa mtengo wa maapozi n'kufera pomwepo onse. Lipenga linalira kachiwiri, iwo anabwerera, ndipo atafika pamtengopo anaima. Mwini dambo anali akudyetsapo ng'ombe mpaka dzulo lake, ndipo pamthunzi umenewo ndi pamene zinkausa. Ndowe zinali mbwee, zosauma, zobiriwira, ntchentche zili ng'waa. Fungo linalowa m'chisoti cha Bohumil n'kukhazikika momwemo ndi thukuta. 

"Alamu, ine pano sindifa," anatero Radim. "Malaya awa mlongo wanu anasoka pamanja nyengo yonse yachisanu."

"Tikafere uko pa udzu, si patali," anatero Oldrich, wamkulu pa onsewo.

"Uko n'kodutsa akavalo, madala," anayankha Bohumil. " Mukufuna kufa zenizeni?"

Adani anafika, patsogolo pali Lubos wogulitsa nyama. Malupanga analira, koma anthu a Bohumil ankangotchinga, maso ali pansi, akuponda monyang'ama ngati akuwoloka mtsinje pamiyala. Lubos anamenya Radim paphewa, n'kubwerezanso.

"Iwe, igwa! Ndakupha kawiri!"

"Wangondikanda, aise. Nyama ija umadula chonchi?"

Kuseri kwa chingwe kunamveka kuseka. Bohumil anaona mayi Zdenka atatchinga dzuwa ndi dzanja, akuyang'ana komwe iwo anali. Pamenepo ndowe zinasiya kumunyansa kwambiri, amene anamunyansa anali anzakewo. Amuna omwewo anagwada m'mawa, zisoti kumanja, akuimba ndi mawu ogwedeza dambo kuti moyo wawo aupereka osaumira, ndiye tsopano akuopa kuchapa malaya!

"Ambuye, Inu munabadwira m'khola," ananong'ona. Kenako anatsitsa chishango. "Lubos, menya ine."

Lupanga linagunda chisoti, iye anagwa chafufumimba osasankha pogwera. Ndowe zofunda zinalowa m'timipata topumira ta chisoti, zinamufika pamilomo. Ali chigonere anatambasula dzanja, n'kugwira kakolo wa Radim, n'kukoka. Radim anagwa akutukwana. Oldrich anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kudzigwetsa yekha, ndipo otsalawo anatsatira mmodzimmodzi, manyazi atawagwira.

Nkhondo inapitirira kwina, iwo ali gone padzuwa. Wakufa saingitsa ntchentche, choncho zinayenda m'khosi mwa Bohumil mmene zinafunira.

"Mukamufotokozere nokha mlongo wanu," Radim ananong'ona.

"Khala chete, wafa."

Lipenga lomaliza litalira, akufa onse a m'dambomo anadzuka, anthu akuwomba m'manja. Mayi Zdenka anabwera n'kuima chapatali, kansalu kali pamphuno.

"Mwafa bwino, a Vrana. Chaka chamawa mubwere. Ayi, dzanjalo likhale komweko."

Bohumil anathokoza Mulungu chamumtima, chifukwa pakamwa sakanatha kutsegula. Anavula chisoti, anapita kuseri kwa mtengo, n'kusanza.