Duku la Bibiana ku Maenje a Golide

Duku lakuda la Bibiana linali litasiya kalekale kukhala lakuda. Dzuwa ndi sabawu wochapira zinalidya mpaka kuoneka ngati phulusa, koma iye ankalimangabe m'mawa uliwonse asanatuluke pakhomo, chifukwa wolimasula anali asanabwere.

Kuno kwathu mwamuna akamwalira, abale ake ndiwo amamanga mkazi duku la lutu, lija lolirira maliro, ndipo ndi omwewo amabwera kudzamusudzula. Amamupaka ufa pamphumi, amamasula dukulo ndi manja awo anthu akuona, n'kunena kuti, "Pitani, takumasulani." Zimenezo zisanachitike, mkazi akadali wa malemu. Savina paukwati, savala zowala, sakwera njinga ya mwamuna wina. Ena amasudzulidwa akangokolola kamodzi. Bibiana, chimwalirire Nazário wake, anakolola, n'kukololanso, mpaka ana amene anabadwa chaka cha malirocho anayamba kupita kushikola ndi makope m'manja.

Wolakwa anali mmodzi yekha, Eusébio, mkulu wake wa malemu. Munthu wosaipa mtima, koma wa mawa. Bibiana akamufunsa, yankho linali lomwelo.

"Alamu, mng'ono wanga sindingamutsanzike ngati nkhuku yofa ndi chitopa. Ndikufuna chiliza cha simenti, ng'ombe igwe, mudzi wonse udye mpaka agalu akane mafupa. Ndingopeza golide, muona."

Ndiye anatenga piki ndi fosholo n'kupita kumaenje a golide, chakuseri kwa Fíngoè. Golideyo mwina anamva kuti Eusébio akubwera, pakuti sanaonane naye.

Poyamba Bibiana analibe nazo ntchito. Anali atamulira Nazário ndi mtima wonse, ndipo duku silinkamulemera. Linayamba kulemera pamene Hilário anatsegula dimba pafupi ndi lake.

Hilário anali wa aja anathawira ku Zambia nthawi ya nkhondo n'kubwerako imvi zitamera. Mkazi wake anamuika konko. Ankalima matimati, ankakonza njinga za anthu pansi pa mtengo wa mango, ndipo polankhula ankazungulira ngati mbuzi yapachingwe. Anayamba ndi kutseka pobowoka pampanda wa Bibiana. Kenako mbande za matimati. Kenako tsiku lina anaima tsidya la mpandawo, chipewa chili m'manja.

"Amake Zito, mpanda uwu wapakati pa madimba athu ukungotha mitengo."

"Ndiye?"

"Ndiye ndimati mwina, kapena, tikanaugwetsa."

"AHilário, ndinu munthu wamkulu, lankhulani zomveka. Mukufuna dimba kapena mwini dimba?"

Hilário anayang'ana chipewa chake ngati yankho analisunga m'menemo. "Zonse," anatero.

Bibiana anaseka mpaka anakhala pansi pamzere wa anyezi. Anali ataiwala kuti kuseka kotere kumapweteka m'nthiti. Koma atatha anagwira duku lake, ndipo Hilário anamvetsa. Anati adikira. Kudikira ndiye ankakudziwa, anadikirapo nkhondo yonse mpaka kutha.

Amene sanafune kudikira ndi Benilde, mwana wake wa Hilário wokwatiwa ku Petauke. Nyengo yozizira bambo ake anadwala chifuwa ali okhaokha m'nyumba, akungodya chimanga chokazinga, ndipo Benilde atamva anakalipa pafoni mpaka oyandikana nawo anamva. Anati ngati palibe wowayang'anira, abwera ndi kamiyau, galimoto lonyamula katundu, mvula isanatseke msewu, adzawanyamula iwo pamodzi ndi masipanala awo.

Hilário anadzanena zimenezi kudimba, mawu ali pansi. Nyenje zinali zikulira m'mitengo, mango atayamba kufiira, ndipo madzulo aliwonse mitambo inkaunjikana chakumpoto. Mvula inali pakhomo.

"Ndiye mwamuyankha chiyani?" anafunsa Bibiana.

"Ndati tiona."

"Tiona! Uyo akuti mawa, uyu akuti tiona. Kodi amuna munapangana kuti ine ndidzakwatiwe ndili m'bokosi? Mawa m'mamawa mubwere ndi njinga yanu."

M'mawa Bibiana anathira ufa woyera m'mbale, anaimanga pansalu, n'kupinda kanthu kena m'thumba osamuonetsa Hilário. Njinga inabwera, koma kukwera sakanakwera, duku likadali pamutu. Choncho mbale ya ufa ndiyo inakhala pakaliyala ngati mkwatibwi, Hilário akukankha, Bibiana ali patsogolo akuponda fumbi ngati lamulakwira. Anthu a m'njira ankaima kuwayang'ana.

"Njinga yafa, madala?" anafunsa wina wa pamota, ataimitsa njinga yake yamotoyo.

"Ili moyo," anayankha Bibiana. "Wafa ndi mwamuna wanga. Pitani."

Anafika kumaenje dzuwa lili pamutu. Malowo anali ngati munda umene nguluwe zagonamo: maenje paliponse, milu ya dothi lofiira, misasa ya mapepala apulasitiki, anthu ofiira kuyambira kutsitsi mpaka kuphazi. Pansi pa msasa wina panali Rebeca, mng'ono wake wa Bibiana, amene ankagulitsa maheu kwa okumba. Ataona mbale ija ndi nkhope ya mkulu wake, anavundikira chidebe chake osafunsa kanthu.

"Dzenje lake ndi ilo, achemwali. Tiyeni, ine ndiimira kwathu. Izi sindingaziphonye."

Pakamwa pa dzenjelo panali mtanda wa mtengo wokulungapo chingwe, ndipo amuna awiri ankapukusa kukweza balidi la dothi. Bibiana anasuzumira. Munali mdima, koma pansi penipeni kankaoneka kuwala kwa tochi.

"Alamu! AEusébio!"

Phokoso la piki linaleka. "Ndani?"

"Mwaiwala ndi mawu omwe? Ndine mkazi wa mng'ono wanu. Tulukani mundisudzule, ufa ndabwera nawo."

Mawu anakwera ngati ochokera m'mtsuko. "Alamu, mwabwera nthawi yabwino! Mwala wasintha mtundu kuno. Mwezi wamawa, ndikulumbira, chiliza, ng'ombe..."

"Ng'ombeyo munayamba kuinena ili thole, pano yakalamba yagwa mano. Tulukani!"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu."

"Nkhonoyo ndine? Maso anga ndi awa, bwerani mudzawaone, afiira!"

Okumba a m'maenje ena anali atayamba kusonkhana, akuseka n'kumagundana zigongono. Wina wamtali, wa chisoti chong'ambika, dzina lake Rogério, amene ankagawana dzenjelo ndi Eusébio, anati, "Mayi, ameneyo satuluka dzuwa lisanapendeke. Ngakhale njala imamulephera."

Bibiana anayang'ana balidi limene linali litangokhuthulidwa. Linali lalikulu, la mgolo wodula pakati. Anakwinya kapulana yake, nsalu ya m'chiuno, anatenga mbale ya ufa kwa Hilário, n'kuponda mwendo umodzi m'balidimo.

"Chabwino. Ngati iye satuluka, nditsitseni. Akandisudzulire komweko."

Kuseka konse kunazima ngati moto wothiridwa madzi. Okumba golide ali ndi malamulo awo, ndipo lalikulu ndi ili: mkazi salowa m'dzenje. Amati akalowa, golide amathawa, osati m'dzenje limenelo lokha koma phiri lonse. Nanga mkazi wake wa lutu pamutu!

"Mayi, mayi, mayi! Chotsani mwendo!" Rogério anagwira mutu. "Mutipha ndi njala tonse!"

"Golide wake uti woti athawe? Alipo? Pukusani chingwe, ndatopa kuima."

Analowetsa mwendo wachiwiri. Hilário anayandikira. "Amake Zito, mwina, kapena..."

"Inu gwirani njinga."

Rogério anagwada pakamwa pa dzenje n'kukuwa, "Eusébio! Tuluka msanga, iwe! Mlamu wako ali m'balidi!"

"Ali m'chiyani?"

"M'balidi! Ukapanda kutuluka tikukwirira momwemo, chiliza chako chikhala chomwechi!"

Anthu a m'maenje onse anayamba kukuwa dzina la Eusébio. Kenako anapempha Bibiana, mwaulemu ngati akupempha nduna, kuti atuluke m'balidi kuti alitsitse likatenge munthuyo. Iye anatuluka, koma anaima pomwepo, chala chakuphazi chili m'mphepete mwa dzenje, kuti aliyense aone kuti nkhani sinathe. Okumbawo sanapukusepo chingwe mwachangu chotero chiyambire. Eusébio anatulukira ali wofiira ngati chiswe cha m'chulu, tochi ili pamphumi, maso akuphethira ndi dzuwa.

"Alamu, mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga."

"Ine mwandichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse, chaka ndi chaka. Ufa uwu."

Eusébio anayang'ana mbaleyo, anayang'ana Hilário ndi njinga yake, n'kumvetsa. Anapukusa mutu. "Si kuti ndikukaniza. AHilário ndi munthu, ndikuwadziwa. Koma Nazário anali mng'ono wanga mmodzi yekha. Ndimutsanzike pamulu wa dothi, popanda ngakhale nkhuku? Dikirani pang'ono pokha. Mukuthamangira kuti? Ndinu mwana inu."

Bibiana sanakalipe. Anaika mbale pansi, anawerama pamaso pake, n'kuloza m'mphepete mwa duku, pamwamba pa khutu.

"Kwezani apa. Musamasule, ingokwezani muone mwana wanuyo."

Eusébio anapukuta chala pabuluku, chimene sichinathandize kanthu, n'kukweza nsaluyo pang'ono. Tsiku lija ankamanga dukuli, tsitsi la Bibiana linali lakuda bii ngati makala, lija Nazário ankanyadira pabwalo. Tsopano pansi pa nsalu panali poyera ngati thonje.

"Izi zabwera liti?" anafunsa motsitsa.

"Muli m'dzenje."

Wina anaseka, koma Rebeca anamuletsa ndi diso. Eusébio anavula tochi pamutu pake. Anadzigwira tsitsi lake lomwe, ngati akufuna kudziwa ngati nalonso lamuchita chiwembu.

"Mng'ono wanu ndinamukonda," anatero Bibiana. "Ndinamusambitsa akudwala, ndinamulira mpaka mawu anatha. Iye simenti sakuifuna, sankagona pasimenti ali moyo. Chiliza mudzamanga mukadzapeza golide wanuyo, ine ndidzabwera kudzatunga madzi ake. Koma mvula ikagwa, awa akupita ku Petauke, ndipo ine ndidzatsala ndi duku ndi anyezi. Ndiye mundiuze, alamu, Nazário zimenezo zimupindulira chiyani?"

Eusébio anapuma mozama. Anatembenukira kwa Rebeca. "Akuchikazi alipo?"

"Ndilipo, ndipo maheu anga akusasa. Fulumirani."

Anatapa ufa ndi zala zake zamatope, ndipo pofika pamphumi pa Bibiana ufawo unali utasanduka phala lofiira. Palibe anadandaula. Mfundo ya duku inamuvuta, koma inamasuka. Mphepo inakhudza mutu wa Bibiana panja, pamaso pa anthu, koyamba chimwalirire Nazário.

"Nazário, mng'ono wanga," anatero Eusébio, "mkazi wako anakusunga bwino. Wochedwa ndine. Alamu, pitani, takumasulani."

Rebeca anaimba nthungululu yoti inamveka mpaka kumerkadu, msika wa ku Fíngoè. Okumba anamenya mafosholo ndi mabalidi, makamaka posangalala kuti golide wawo wapulumuka. Rogério anafuula kuti ng'ombe palibe koma maheu alipo, ndipo chidebe chonse cha Rebeca chinatha pomwepo, aliyense akumwera m'chimene wapeza.

Bibiana anatulutsa chija anapinda m'thumba. Linali duku lachikasu, la maluwa ofiira akuluakulu, lowala moti munthu ukanaliona uli kutsidya la mtsinje. Analiyang'ana, anagwira imvi zake, n'kulimanga m'chiuno.

"Mutu upume kaye," anatero. "AHilário, imbirani mwana wanu. Muuzeni kamiyau abwere nayo ndithu, koma anyamulemo anthu odzavina."

"Ndimuimbira tikafika."

"Pano!"

Hilário anaimba pomwepo, atakwera pamulu wa dothi pofuna netiweki, akukuwa nkhani yonse phiri lonse likumva.

Pobwerera Bibiana anakhala pakaliyala, mbale yopanda kanthu ili pamiyendo. Hilário anapalasa bwino potsetsereka, koma atafika pachitunda choyamba njinga inayamba kuyenda ngati yaledzera, iye akupuma ngati mvukuto. Kumpoto kunagunda bingu.

"Tsikani," anatero Bibiana.

"Ndingopuma pang'ono, kenako..."

"Pang'ono ndamva zokwanira. Khalani kumbuyo, gwirani mbale."

Anakwinya kapulana n'kukwera pachishalo. Madontho oyamba anawapeza asanafike kumadimba, akuluakulu, ofunda, onunkhira fumbi. Hilário anafuna kumufunditsa chipewa chake, koma Bibiana anakankha dzanja lake. Mvula inagwa pa imvi zake, inatsuka phala lofiira lija kutsikira pamphuno, iye akupalasabe, akukalipira Hilário kuti asiye kugwira mbale ngati mwana, agwire m'chiuno.