Ndowa Imene Telala Anaitaya

Telala anadzuka m'mamawa n'kukankhira makina osokera kukhoma kuti tebulo lipeze malo. Patebulopo anaunjikapo malalanje, zinanazi, mandimu ndi jinja. Ndowa yatsopano yoyera anaitsuka ngati kuti inali ndi mlandu.

Inali nthawi ya tchuthi chakumapeto kwa chaka, ndipo Kanjuchi ankabwera tsiku limenelo. Kanjuchi anali mwana wake wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, wokonda zotsekemera mpaka dzina linachokera pomwepo. Chithereni banja, mwanayo anali asanagonepo kwa bambo ake. Chinathetsa banjalo ndi mowa. Telala anausiya, ndipo amake Kanjuchi, ataona kuti miyezi ikupita munthu akuyenda mowongoka, anavomera kuti mwana adzakhale kwa bambo ake tchuthi chonse. Koma anachenjezeratu: "Ndikadzangomva kafungo, kaya m'kamwa mwanu kaya m'kapu, tidzabwerera limodzi. Ndipo musadzapemphenso."

N'chifukwa chake Telala anati chakumwa chikhala chimodzi, cha ana ndi akulu omwe, m'ndowa imodzi.

Anafinya malalanje mpaka zala zinachita dzanzi. Zinanazi anazisenda, kuzisinja, n'kuzisefa pa nsalu yoyera yotsala ku diresi la kasitomala. Jinja anamuwiritsa ndi shuga n'kumusiya pawindo kuti azizire. Atasakaniza zonse analawa, n'kuwonjezera ndimu, n'kulawanso. Anavundikira.

Akulu ake anafika dzuwa litakwera, ndi akazi awo, ana atatu ndi bokosi la ayezi. Anthu ankawatchula a Chiseko poti ankayamba kuseka nthabwala yawo asanaimalize. Ndi iwowa amene anamusunga Telala pabalaza pawo banja litatha, ndipo sankalola kuti aiwale.

"Ndiye phwando lake n'limeneli?" anatero a Chiseko atasuzumira m'ndowa. "Mphwanga, ndevu zonsezi tizimwa madzi a malalanje ngati tagonekedwa m'chipatala?"

"Ndi za tonse, achimwene."

"Za tonse! Mayi, mwamva? Atipatsenso mabotolo a ana akhanda, tiziyamwa."

Anapisa m'jekete n'kuonetsa khosi la botolo la mowa waukali. "Kadontho kokha, kuti ndowa idzuke."

"Bwezani m'thumba."

"Ana sangamve n'komwe. Agona msanga, ife tipume."

"Ndati bwezani."

A Chiseko anabweza uku akuseka. Telala anathira ayezi m'ndowa, ndipo apa m'pamene anakumbukira kuti soda sanagule. Anathamangira kugolosale ya pakona.

Pobwera anapeza chivundikiro chili pansi. A Chiseko anali ataima pafupi ndi ndowa, kapu yonyowa m'manja, maso akuseka.

"Mwathiramo?"

"Ndathiramo chiyani?"

"Achimwene, mwathiramo?"

"Mwini ndowa ndiwe. Lawa."

Telala anawerama n'kununkhiza. Jinja yekhayekha. Anali atamuchulutsa yekha, ndipo tsopano ankabisa zonse. Kulawa sakanatha. Ngati munali mowa, ukanakhala pa lilime pake amake Kanjuchi akamafika. Komanso khosi lake ankalidziwa bwino, dontho limodzi limaitana anzake. Kupatsa mwana kuti alawe, ayi. Anatunga pang'ono n'kupereka kwa alamu ake.

Alamuwo anayamba ayang'ana amuna awo, kenako anapsontha. "Zili bwinobwino, alamu."

Mawu amenewa Telala anawamva kambirimbiri m'nyumba ya akulu ake, ngakhale tsiku limene amuna awo anagwetsa mpanda ndi galimoto. Zonse zinkakhala bwinobwino.

"Onetsani botolo," anatero kwa akulu ake.

"Iwe, ukufuna upise m'thumba mwa mkulu wako? Lawa, ndati. Ukuopa chiyani? Munthu wamkulu kuopa ndowa!" Anamuyandikizira kapu pakamwa. "Kapena sunasiye kwenikweni, ukungodzigwira ngati galu wa pa unyolo?"

Telala anamva kutentha kukwera kuchokera pachifuwa mpaka m'makutu. Ananyamula ndowa ija, kukankha chitseko ndi phazi, n'kukaikhuthulira mu ngalande ya panja. Ayezi anagubuduka m'matope. Ana a achimwene ake, amene ankadikira ndi makapu m'manja, anayamba kulira.

"Chitsiru!" anakuwa a Chiseko atamutsatira panja. Anasolola botolo lija n'kulikweza m'mwamba. "Taona! Losatsegula n'komwe! Inali nthabwala chabe, iwe! Wataya ntchito ya m'mawa wonse chifukwa cha nthabwala!"

Telala analiyang'ana botololo. Chitsekero chinalidi chosathyola. Mkwiyo m'malo motsika unachita kuwira. Munthuyu ankadziwa zonse, ankadziwa amene akubwera ndi chimene ananena, koma anasankha kusewera pomwepo.

"Tulukani."

"Ukuti chiyani?"

"Pakhomo panga. Tulukani."

"Ine? Amene ndinakutola ukununkha ngati mbiya, n'kukugoneka pa mpando wanga?"

"Munanditola. Zikomo. Tulukani."

"Alamu, chonde," anayamba alamu aja, koma anadukiza. Onse anatembenukira kugeti.

Amake Kanjuchi anali ataima pamenepo, chikwama dzanja ili, mwana dzanja linalo. Anaona botolo lili m'mwamba, pansi ponyowa, ana akulira, amuna awiri atayang'anizana. Anakoka mwana n'kuyamba kubwerera.

"Alamu, bwerani mudzaone misala ya munthu wanu!" anaitana a Chiseko.

Telala anawadutsa, kutuluka pageti, n'kukaima kutsogolo kwa mayiyo, pafupi kwambiri kuposa mmene anaimirapo chithereni banja. Anatulutsa mpweya wonse pankhope pake.

"Nunkhizani."

Mayiyo anakwinya nkhope, koma ananunkhiza.

"Jinja," anatero. "Nanga botololo?"

"Likupita ndi mwini wake."

"Tione."

Sanasunthe, ndipo dzanja la mwana sanalisiye. A Chiseko anayesa kuseka, koma panalibe wowathandiza. Analowa m'nyumba, kutenga bokosi lawo la ayezi, n'kukusa ana ngati mbuzi. Pageti anaima.

"Kwathu usadzapondeko. Ukadzagwanso, akakutole ndi malalanje akowo."

Telala anawatsegulira geti mpaka kumapeto.

Atazimiririka pakona, amake Kanjuchi anapereka chikwama. "Mankhwala a chifuwa ali m'kathumba ka m'mbali. Asambe madzi ofunda. Ndidzabwera kudzaona, tsiku sindinena."

"Mudzabwere."

Anamukonza mwanayo kolala ya diresi, n'kumukankhira pang'ono kwa bambo ake.

M'nyumba munali makapu obalalika ndi makoko okhaokha. Kanjuchi anayang'ana makina osokera, anayang'ana ndowa yopanda kanthu, kenako bambo ake.

"Ababa, timwa chiyani?"

Telala anafufuza m'thumba la zogula. Pansi panali malalanje ang'onoang'ono olimba, amene wogulitsa anangoponyeramo. Anatenga limodzi n'kulidula mwamphamvu mpaka mpeni unalowa m'tebulo. Anayamba kulifinyira m'kapu. Kanjuchi anakoka mpando, kukwerapo, n'kugwirira kapu ndi manja onse awiri.

"Mukulifinya ngati lakulakwirani," anatero.

Telala anatenga lachiwiri.