Nsapato Zoloza Kunja

"Nanga apa, pa anthu amene ankadalira bambo, ndilembe ndani?" anafunsa Mihoko.

Takuro anamva funsolo ali kuseri kwa chitseko cha chipinda chake, mmene ankamvera zonse za m'nyumbamo chisiyireni ntchito mumzinda wa Sendai zaka zambiri zapitazo. Phulusa la mtembo wa bambo awo, a Kuwabara, linali m'kabokosi koyera pabalaza, zofukiza zikufuka pambali pake. Kumaliroko iye sanapite. Anavala ndithu malaya akuda, koma atafika pachitseko anachita mantha n'kubwerera.

Tsopano mlongo wakeyo ndi mwamuna wake Genzo anali atayala patebulo mapepala a msonkho womaliza wa malemu, poti boma silidikira kuti misozi iume.

"Ulembe Takuro, ngati kale," anatero Genzo. "Mpaka tsiku lomwalira ankamudyetsa ndi iwo. Msonkho utsikako."

"Munthu wa zaka zoposa makumi anayi."

"Imvi zili mbuu, koma papepala ndi khanda. Komatu ndi komaliza. Chaka chamawa akhala wa ndani? Ine papepala langa pali kale mayi anga ndi ana awiri. Ndipo mwini nyumba ino akufuna makiyi ake mwezi usanathe."

"Tsitsani mawu, akumva."

"Amve. Ndi makutu okha amene akugwira ntchito mwa iyeyo."

Takuro sanakwiye, pakuti alamu akewo sananame. Anangokumbuka kuti chaka chilichonse, nyengo ya msonkho ikafika, bambo ake ankabwera kuchokera ku ulonda wawo wa pamalo oimika magalimoto, n'kugwada kunja kwa chitseko chomwechi, mawondo akulira.

"Takuro, ndikulembenso chaka chino?"

Iye ankagogoda kamodzi, kutanthauza kuti inde.

"Chabwino. Mwina chaka chamawa sindidzakulemba," ankatero mkuluyo, n'kudzuka. Takuro ankaona ngati akumunyogodola, ndipo mawuwo ankamupweteka sabata yonse.

Genzo atatuluka kukasuta, mapazi a Mihoko anabwera n'kuima pachitseko.

"Takuro, ine si bambo ayi. Kucheza ndi thabwa sindingathe." Mawu ake anali otopa. "Ndikhoza kukutenga, ndikulembe kwathu. Alamu akowa ndilimbana nawo ndekha. Koma utuluke lero, ndikuone nkhope. Ukapanda kutero ndikusiya m'manja mwa a boma, akupezere kokhala. Ndilibenso mphamvu ine."

Takuro anakweza dzanja kuti agogode kamodzi. Dzanjalo linaima m'malere. Munthu yekhayo amene ankamva chinenero chimenecho anali m'kabokosi pabalaza. Apa m'pamene anazindikira kuti watsala yekha, ndipo anachita mantha kuposa tsiku la maliro lija.

Anakoka chitseko.

Mihoko anagwira pakamwa. Anali atakalamba, nayenso. Takuro analephera kumuyang'ana nthawi yaitali, choncho anamudutsa, akugwira khoma, mpaka pakhomo pamene anthu amavulira nsapato.

Panali nsapato za Mihoko, ndi majombo a bambo ake oyendera m'chipale chofewa, zonse zoloza m'kati monga mmene eni ake anazivulira. Koma pakati penipeni panali nsapato zakuda zimene iye anavala tsiku lomwe anabwera kuchokera ku Sendai. Zinali zitatembenuzidwa kuloza kunja, monga amachitira ndi nsapato za munthu amene watsala pang'ono kunyamuka.

"Bambo ankazipaka polishi m'mawa uliwonse asanapite kuntchito," anatero Mihoko kumbuyo kwake. "Ndinawauza kuti azitaye. Anati munthu akhoza kufuna kutuluka mwadzidzidzi."

Pamwamba pake panali kafumbi kopyapyala, ka masiku ochepa chabe. Takuro anakhala pansi, n'kukapukuta ndi mkono wa malaya ake. Kenako analowetsa phazi, akuyembekeza kuti chikopa chauma gwa.

Chinali chofewa.