Chidutswa Chomaliza cha Wouter

Mdzukulu wanga Wouter atapita kukagwira ntchito pasitima yapamadzi ku Norway, anandisiyira thanki yake ya madzi amchere, ya nsomba ndi makorali, tamoyo ta m'nyanja tooneka ngati miyala. Mufiriji anasiyamo chakudya cha nsombazo chimene ankapera yekha, cha nkhono ndi nkhanu za kudoko, n'kuchiumba m'zidutswa zoundana. Pa chidutswa chilichonse pankaoneka pamene anadinda ndi chala.

Chitatsala chimodzi, mwana wanga Marijke anabwera ndi chakudya cha nsomba chogula kusitolo.

"Chotsa zimenezo," ndinatero. "Ukumudziwa anaperayo? Za m'mapaketi zimaipitsa madzi, makorali ayera ngati mafupa. Wouter akabwera ndidzamuuza chiyani?"

"Amayi, inu mumaopa ndi ketulo yomwe," anaseka Marijke. "Nsomba sizifunsa wophika."

Anaponyamo pang'ono. Ine maso pagalasi la thanki, kudikira kuti zikane. Koma kansomba kena kachikasu, kamene kankadyera m'manja mwa Wouter, ndiko kanayamba kulimbirana. Sizinasiye n'kanyenyeswa komwe.

Tsopano ndimazipatsa za kusitolo. Chidutswa chija ndinachikulunga bwino, chili mufiriji kuseri kwa buledi. Magetsi akangophethira, ndimathamanga kukaona ngati chala cha Wouter chikuonekabe.