Fungo la mu Mgolo

Apongozi ake atathyoka mkono, ntchito ya chinangwa inagwera mkazi wa telala. Iye anakulira m'nyumba yopanda dimba, ndipo chinangwa ankangochidziwa chophikaphika m'mbale. Komabe anakumba mizere yonse isanu ndi umodzi ya kuseri kwa nyumba, nasenda mpaka zala kuchita matuza. Chinali chinangwa chowawa, ndipo ufa wake ndiwo unali woti udyetse banja lonse kufikira zokolola zina.

"Uchiviike mu mgolo, madzi achimize, kenaka uchisiye," anatero apongozi, mkono uli m'chikhakha. Sananene zambiri, poganiza kuti zimenezi aliyense amazidziwa.

Tsiku lachinayi mkazi wa telala anavundukula mgolo uja. Fungo linamubweza m'mbuyo. Pamwamba panali thovu lokhalokha, ndipo chinangwa chimene anatola chinangofumbutuka m'manja. Anali asanathe ndi chaka chomwe pakhomopo, ndiye lero waoletsa chakudya cha banja!

Anaganiza zoti ayambe wakachitaya kudzenje, kenaka akagwade ndi kuulula. Anakhuthula madzi, nadzaza wilibala. Koma tayala la wilibalayo linali lolira, ndipo apongozi anatulukira pakhomo.

"Iwe, ufa wanga ukupita nawo kuti?"

"Amayi, mundikhululukire. Chaola chonse. Mwina ndinachulutsa madzi."

Apongozi anatenga chidutswa ndi dzanja labwinolo, nachifinya, nachinunkhiza ngati sopo watsopano.

"Chaola? Mwananga, chafika pake ichi! Chikapanda kufewa ndi kununkha chonchi, ndiye kuti ululu wake sunachoke. Munthu akadya amachita chizungulire."

"Ndiye kuti fungoli ndi labwino?"

"Labwino ayi, usandinamizire. Malemu apongozi ako aamuna ankati akalimva, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano."

Mkazi wa telala anafuna kuseka, koma inabwera ndi misozi. Apongozi anamugwira paphewa.

"Wolakwa ndine. Ndinakutuma osakulongosolera."

Anakhala pa ndowa yovundikira nayamba kumulangiza: atsuke, achotse ulusi wapakati, afinye kwambiri, ayanike pathandala mosaunjika. Posakhalitsa telala anasuzumira pawindo, tepi ili m'khosi, atatsina mphuno.

"Kodi kwafa chiyani kuno?"

"Siya makinawo udzanyamule," anatero amayi ake. "Mkazi wako waviika bwino kuposa ine."